Kazitape wa Akaputeni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikugulitsa kachewere pamsika wa pa Boma ku Dedza. Mayi Nachisale, amene anali ndi kashopu kotaipa ndi kufotokopa, anamva kuti ndinaphunzirako kompyuta. Lolemba lotsatira ndinali pampando, zala zitauma ndi chisanu cha mu Juni.

Kasitomala wathu wamkulu anali bambo wachikulire wa ku Mphunzi, amene tonse tinkangoti Akaputeni. Anali msilikali wa pamadzi, ndipo atapuma anayamba kulemba buku. Ankati zojambula za m'mapanga a kwawoko ndi mapu a sitima za alendo ochokera mlengalenga, ndipo akuluakulu akudziwa koma akubisa. Ine sindinkakhulupirira ngakhale pang'ono, koma ndinkawakonda. Ankabwera nsapato zili waliwali, atandinyamulira mapichesi.

Lamulo lawo linali lakuti ndisaseve chilichonse, kuopa akazitape. Ndikataipa tsamba, pepala lawo lolemba pamanja ankaliponya pambaula yathu. Mutu ukatha ndinkapulinta n'kufufuta. Koma Mayi Nachisale anandiphunzitsa kuseva ndime iliyonse pa fulashi, ndipo ndinkawamvera mwakabisira.

Tsiku lina titamaliza mutu wotsiriza, mapepala onse ali phulusa, magetsi anathima ndisanapulinte. Akaputeni anavula chipewa n'kukhala pabenchi. Mutuwo sunali wa sitima ayi. Unali wa malemu akazi awo, okhawo amene ankawamvetsera osaseka.

"Umenewu sindingaulembenso," anatero chapansipansi.

Mtima unandiwawa. Ndinkadziwa kuti ndikaulula, kasitomala wathu wamkulu apita, mwinanso ntchito yanga ithera pomwepo. Komabe ndinazula fulashi kuseri kwa kompyuta n'kugwada.

"Bambo, ndinaphwanya lamulo lanu. Buku lonse lili umu, ndipo malemu amayi alimo."

Anailandira fulashiyo n'kuitembenuza m'manja. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu.

"Zaka zonsezi ndikusaka kazitape, kani ndimamudyetsa mapichesi!"

Magetsi atayaka anandiuza kuti ndipulinte mutuwo kawiri, wina ukhale wanga. Fulashiyo anaimanga pachingwe n'kuivala m'khosi, ati pamenepo palibe boma lingafike.

Lero ndili ndi shopu yanga. Kasitomala ndimamumvera pa zonse, kupatula akandiuza kuti nditaye chinthu chimene sangachipezenso.