A Mageti Akongoza Boma

Mumsewu wonse wa kuseri kwa msika, palibe geti kapena chitseko chachitsulo chimene sichinadutse m'manja mwa a Mageti. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, lenileni amalidziwa ndi akazi awo okha. Ntchito ankaitha bamboyu. Akawotcherera chitseko, wakuba ankangochiyang'ana n'kupita kukayesa mwayi kwa aneba. Koma thumba lawo lokha ndiye linali pululu. Msuweni akatulukira ndi nkhope yakugwa, dzanja la a Mageti linkakhala litalowa kale m'thumba moni asanathe.

Matenda awowa ankawadziwa okha. N'chifukwa chake atalandira ndalama zochuluka za mageti a sukulu ina, sanadzere kunyumba. Analowa m'banki ndi ovolosi yawo yothimbirira n'kugula bondi ya boma ya zaka zitatu.

"Mwagula chiyani?" akazi awo anafunsa atamva.

"Ndakongoza boma, mayi. Kawiri pachaka lizindipatsa chiwongoladzanja, zaka zitatu zikatha libweza zonse. Mwana wathuyu akamadzamaliza sekondale, fizi ya sukulu ya unamwino idzakhala ili chire."

"Ee, abale anu onse mwawamaliza, mwafika pokongoza boma!" anaseka mayiwo, koma mumtima anakondwa.

Chaka chachiwiri kushopu kunafika achimwene awo aakulu. Awa sanali msuweni wamba ayi. Ndi amene anawalera bambo awo atamwalira, ndipo makina oyamba owotcherera anawagulira ndi iwowa.

"Mphwanga, ndapeza minibasi yotchipa, mwini wake akufuna ndalama msanga. Katenge zako zija kuboma. Ndidzabweza mwana asanalembe mayeso."

A Mageti mutu unaima. Mabizinesi a achimwenewo ankawadziwa bwino: chigayo chinatha, golosale inatha. Koma mawu akuti ayi anali asanatulukepo pakamwa pawo kwa munthu ameneyu. M'mawa mwake anapita kubanki, akupemphera chamumtima kuti akawakanize.

Mayi wa pakauntala sanawathandize mbali imeneyo.

"Kugulitsa mukhoza, bambo. Kungoti chiwongoladzanja chakwera. Amene akukongoza boma lero akulandira zambiri kuposa inu, ndiye bondi yanuyi munthu angaigule pokhapokha mutatsitsa mtengo. Mukadikira tsiku lake, mudzalandira zonse zosabenthuka."

"Ndiye ndikagulitsa lero ndiluza?"

"Muluza ndithu. Koma mukafuna, tikugulitsirani."

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono ngati nsapato zawathina. Kuluzako sikunawadetse nkhawa kwambiri. Chimene ankachiona n'chakuti ndalamazo zikangotuluka, sukulu ya mwana yapita ndi minibasi. Atafika kushopu, anapeza achimwene awo atakhala pa chigubu cha penti, akudikira.

"Akana eti? Anthu a kubanki ndi otero," anatero mkuluyo.

Bodza linali litadzibweretsa lokha, kunangotsala kugwedeza mutu. A Mageti anakhala pansi moyang'anana nawo.

"Sanakane, achimwene. Ndalama zikhoza kutuluka ngakhale mawa. Ndakana ndine. Zimene zija ndi za sukulu ya mwana wanu yemwe uja, ndipo sindizikhudza."

Mkuluyo anaimirira, anasasa fumbi pathalauza, n'kutuluka osatsanzika. Zinawapweteka a Mageti, tisabise. Koma sanawathamangire. Anavala magalasi awo akuda n'kupitiriza geti limene analisiya dzulo lake.

Ataweruka anapeza mwana wawo wamkazi ataima pakhomo, yunifomu asanavule.

"Ababa, ndakumana ndi abambo aakulu panjira. Ndawapatsa moni, angondidutsa. Ndawalakwira chiyani?"

"Sunalakwe chilichonse, mwanangu," anatero a Mageti akuvula nsapato. "Nkhani imeneyo ndi yanga. Iwe katenge mabuku ako uwerenge."