Kuperekeza Ngaka kwa Mafumu

Ndinanyamuka ku Area 14 m'mamawa, thumba pamsana, m'thumbamo muli ngaka, kanyama kamamba kodya nyerere. Inali nthawi imene boma linkasamuka ku Zomba, ine ndikusamala maluwa kwa a Gondwe, kalaliki wamkulu wochokera ku Rumphi. Nyumba yawoyo inamangidwa pamene panali dimba la amalume, mudzi wathu usanasamutsidwe.

Ngakayo ndinaipeza itadzipinda pansi pa mpanda. Akazi awo a Gondwe atangoona mamba ake, anati ndabweretsa zamatsenga pakhomo pa mkulu wa mpingo. Bwanawo anadula mawu: dzuwa likalowa chilombocho chidakalipo, ntchito yatha. Komatu kwathu ngaka sitidya, sititaya, timakapereka kwa mfumu. Nanga mfumuyo ndikaipeza kuti, poti mudzi wonse anaukweza pa lole?

Ndinakwera lole ya njerwa, matambala asanu. Dalaivala atafunsa za katundu wanga, ndinati ndi dzungu. Tisanafike pa mlatho, dzungu lija linayamba kutakataka.

"Achimwene," anatero iye, "maungu a ku mayadi amapuma eti?"

Masana ndinafika pa msika wa ku Old Town kukafunsa za mfumu yathu. Ndikumwa thobwa ndi chitumbuwa, mayi wogulitsayo anandiuza kuti mfumu yathu inamwalira uko kumalo atsopano, ndipo adzukulu akulimbiranabe mpando. Sing'anga wina amene ankatchera khutu anati ndimupatse thumbalo, andipatse njinga. Njinga, abale! Malovu anadzadza m'kamwa, koma ndinakana.

Ndinayenda pansi kulowera ku City Centre mpaka pa nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, imene boma linaletsa kudula kuti nyama zikhalemo. Mlonda wa pamenepo anaseka, nati kawirikawiri amagwira otulutsa nyama, osati olowetsa. Titalowa, ndinaizindikira mitengo ija. Anali manda athu akale, momwe agona mafumu athu onse. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, n'kumasula thumba. Ngaka inadzitambasula pang'onopang'ono, n'kuyenda ndi miyendo yakumbuyo, timanja titagwirana ngati munthu wopita kubwalo la milandu.

Ndinabwerera dzuwa lili pamitengo. A Gondwe anafunsa ngati mafumu alandira, ine ndinati alandira ndithu. Ntchito sinathe, koma mtima unandiwawa. Pa mudzi wathu wonse, amene anapatsidwa malo mu likulu ndi akufa ndi ngaka basi.