Ndinayang'ana kumbali ku famase

Lachitatu ndinakwera basi kupita ku Blanchardstown kukazonda amake Dalitso kuchipatala. Ndinawatengera nthochi, osadziwa kuti ngakhale kusenda sakutha.

Amake Dalitso ndi mnzanga wa ku Chipata. Tonse tinabwera kuno kutsidya kwa nyanja kudzalera adzukulu, ana athu azipita kuntchito, ndipo tonse BP inatigwira. Tsopano iwo agwa sitiroko. Dzanja lamanja lili lende, pakamwa papotoka pang'ono. Kamdzukulu kawo ka seven months, kaya adzakaberekanso.

Nditakhala pansi anandiyang'anitsitsa.

"ANambewe, siku ija ku famase munaniona, ai?"

"Ndinakuonani."

"Naine ninakuonani. Kununkhiza mapafyumu monga kamtsikana. Munayamba liti imwe kugula pafyumu?"

Tinaseka, iwo ndi mbali imodzi ya kamwa.

Nkhani yake ndi iyi, anzanga. Mwezi watha ndinalowa mu famase ya ku Finglas, n'kupeza amake Dalitso ali pa kauntala. Mtsikana wogulitsa anawaikira mabokosi awiri a mankhwala. Iwo anatsegula kachikwama, n'kuyang'anamo, n'kutseka. Kenako anakankhira bokosi limodzi kwa mtsikana uja. Loyera la mzere wofiira. Ine kuwerenga sindidziwa, koma bokosi limenelo ndimalidziwa ngati nkhope ya mwana wanga, poti nanenso ndimamwa mankhwala a BP omwewo.

Ndipo m'chikwama changa munali khadi. Famase yomweyo imapereka kakhadi kochotsera mtengo kwa amene amagula mankhwala mwezi ndi mwezi, nthawi zina n'kuwonjezerapo timakuponi. Mpongozi wanga ndiye anandilembetsa. Anandiphunzitsanso kufunsa ngati alipo mankhwala omwewo a bokosi lina, otsikirapo mtengo. Ndikanangoyenda mapazi asanu n'kunena kuti, “Anzanga, funsani khadi iyi.”

Ndinatembenukira ku mapafyumu.

Mudziwa chifukwa chake? Ulemu. Mwana wawo ndi injiniya, ku tchalitchi amakhala kutsogolo. Ndinati mumtima, mayi wotere ndikamusonyeza kuti ndaona, ndamuvula pagulu. Ndinadikira mpaka atuluke, ine ndili kalikiliki kununkhiza mabotolo.

Kuchipatala ndiye anandiuza zonse. Mankhwala ankamwa lero, mawa ayi, kuti bokosi lakale lifike patali. Mwana wawo sanamuuze.

"Dalitso alipila renti, alipila masukulu fizi ya bafana bake ku Zambia. Nimuuze futi za mapilisi? Ninaona monga nizankhala katundu."

Dalitsoyo ndinakumana naye pakhomo la wodi, maso ali psuu. Akuti akanadziwa, akanagula mabokosi khumi tsiku lomwelo. Ndikumukhulupirira.

Tsono tandiuzani, manyazi amenewa tinawatola kuti? Kwathu ife pamsika wa Lizulu sitigula tomato osanenerera. Timakangana ndi wogulitsa mpaka aikepo basela, ndipo palibe amene amati tasauka. Amati mayiyu ndi wochenjera. Koma tikangoona kauntala yoyera ndi munthu wovala gauni, pakamwa pamauma. Timalipira chete, kapena timabweza chete. Kapepala kochotsera mtengo timakapinda kanayi, kuopa kuti wa ku tchalitchi angakaone.

Pa WhatsApp timauzana zonse. Kumene kwafika ufa woyera, kumene chicken yatsika, amene akupita kumudzi ali ndi malo mu sutikesi. Uthenga wa mankhwala otchipa munaumvapo? Ine ayi. Matenda timabisa, mtengo wake timabisanso.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu ndakhala ndikulangira nawo ana zaka zonsezi. Amake Dalitso sanafunse, n'zoona. Koma pali winanso woti wakutsina khutu ndi mnansi. Mnansiyo ndinali ine, khutu linali pafupi, zala ndinali nazo.

Sindikunena kuti khadi ikanatseka sitiroko pakhomo. Zimenezo adziwa ndi adokotala ndi Mulungu. Koma bokosi lija likanapita kunyumba.

Ndisananyamuke kunabwera namwino ndi kampira kofewa, n'kuwaika m'dzanja lodwala lija kuti afinye. Anayesa mpaka thukuta pamphumi. Chala chimodzi chokha ndicho chinagwedezeka. Namwino anawayamikira kwambiri, iwo n'kundiyang'ana.

"Mukauze azimai ku tchalitchi. Mukambe na zina langa, nilibe nazo nsoni manje."

N'chifukwa chake dzina lawo mwalimva lero.

Inu amene mwaona mnzanu akudumphitsa masiku, kapena akubweza bokosi pa kauntala, mukudikira chiyani? Mukuopa kuti akukwiyirani? Amake Dalitso akanandikwiyira sabata ziwiri, mwina zitatu. Za dzanja lija, adokotala sakunena kuti lidzabwerera liti.