Nyumba ya Apongozi M'kompyuta

Apongozi anga sindinaonane nawo maso ndi maso, koma nyumba yawo ndinkaidziwa ngodya iliyonse. Ndinaidziwira pa kompyuta, m'kanyumba kalendi ku Balbriggan, kuno kudziko la azungu, zaka zimene ine ndi amuna anga tinkadikira mapepala otilola kukhazikika. Nthawi imeneyo wopempha malo othawirako sankaloledwa kugwira ntchito, zopita kumudzi ndiye osayerekeza n'komwe. Tinkangokhala, kuonerera mvula pawindo.

Kompyutayo anatipatsa ndi wansembe wina wokalamba wa kuparishi kwathu, amene anakhalapo ku Malawi. Nayo inali nkhalamba, yachikasu, yolira ngati chigayo chakutali. Munali pulogalamu yakale youmbira zinthu. Unkatenga bokosi, mpira kapena chubu, n'kumazikoka, kuzidula, kuzilumikiza, mpaka zifanane ndi chimene ukufuna. Poyamba zonse zinkaoneka mizere yokhayokha, ngati waya wa khola la nkhuku. Ukafuna chithunzi chenicheni, cha mitundu ndi mithunzi, unkauza makinawo n'kupita kukachapa, chifukwa chinkatuluka mzere umodziumodzi kuyambira pamwamba.

Amuna anga anaganiza zomanga mmenemo nyumba ya mayi awo ya ku Dedza, kuti mwana wathu wamkazi, wobadwira kuno, adziwe kwa agogo ake. Chithunzi cha nyumbayo tinalibe. Ndani amajambula nyumba yaudzu? Ine ndinkawaseka kuti amuna anzawo akutumiza malata kwawo, iwo akumanga yamphepo. Denga ndiye linawasautsa. Udzu unkatuluka wosalala ngati beseni lovundikira, ndipo anatha milungu akuuika tsinde limodzilimodzi, makinawo akubuula.

Lamlungu ankagula khadi yoimbira foni n'kuimba kugolosale ya pamsika, komwe anthu ankakawaitana mayiwo.

“Amayi, windo lija lili kumanja kwa chitseko kapena kumanzere?”

Ndinkamva gogoyo akufa nako kuseka. “Mwana iwe, waimbira kutali konseko kufunsa windo?”

Koma ankayankha zonse: kuti khonde linagumuka pang'ono kumbali ya nkhokwe, kuti chitseko chimakhula pansi potsegula. Amuna anga ankaika zonsezo, ngakhale zolakwikazo.

Kenako anaphunzira kuyendetsa chithunzicho. Unkaona ngati ukubwera m'kanjira, kudutsa nkhokwe, kukwera pakhonde, chitseko n'kutseguka, basi n'kutha. Kanali kafilimu kakafupi, kogwedezekagwedezeka. Mwana ankawomba m'manja: “Again, Daddy! Agogo's house again!” Kuseka kwanga kuja ndinakusiya. Ndinaikonda nyumba imeneyo.

Uthenga wa maliro a apongozi unabwera nyengo yozizira. Anzathu a ku Malawi anafika pa sitima, tinaimba nyimbo chapansipansi kuopa kusokoneza oyandikana nawo, madzulo aliyense n'kubwerera kwawo. Maliro opanda mtembo amawawa mwamtundu wina. Ulira, koma misozi ilibe pogwera. Patapita masiku malume a amuna anga anaimba foni kunena za kusesa. Kwawoko nyumba ya malemu siikhala chiimire, amaigwetsa, ndipo anatchula tsiku.

Tsikulo m'mawa ndinaperekeza mwana kusukulu. Pobwera ndinawapeza amuna anga pa kompyuta, atavala malaya oyera opita nawo kutchalitchi. Denga lija kunalibe. Anali akusankha khoma lakutsogolo.

“Bambo ake, mukutani?”

“Lero akugwetsa kumudzi.”

“Ndiye? Iyi si nyumba, ndi computer! At least sungani copy pa disk, ya mwanayu. Mumuonetsa chiyani?”

Sanatembenuke. “Bokosi sindinanyamule. Dothi sindinaponye. Chimene ndingawachitire ndi ichi chokha, mayi ake. Mundisiye.”

Ine pakamwa sindichedwa, ndipo ndinawalankhulira zambiri. Ndinati mwambo ndi wa njerwa ndi udzu, osati wa magetsi. Ndinati akulanda mwana agogo ake kachiwiri. Iwo anangodina, khoma n'kuzimiririka popanda fumbi, popanda phokoso. Anapita ku lina. Mbewa ya kompyuta inkaphonya, iwo akubwereza kudina, mpaka mkwiyo unandithera. Ndinakhala pansi pafupi nawo, miyendo chitambasule monga timakhalira pasiwa, ndipo ndinalira mokweza, osasamala za oyandikana nawo. Madisiki amene ankasungiramo ntchitoyo anawafufutanso onse. Pulogalamuyo sanaitsegulenso.

Mapepala anatuluka patapita zaka, mwana ali kale kusekondale. Tinakafika ku Dedza nthawi yadzinja. Malume aja anali atamwalira, achibale ambiri atasamukira kutauni, ndipo pamalopo wina anali atalima chimanga, chachitali kuposa munthu. Amuna anga analowa m'mizere, kupita uku, kubwerera uku, akupenya pansi. Ine ndi mwana tinkawatsata, mame akutinyowetsa. Anaima, n'kunditembenukira ine, munthu amene ndinali ndisanapondepo m'mudzimo.

“Mayi ake,” anatero, “inali pati kodi?”