Tizilombo ta m'Kachasu Tinapulumutsa Anyezi Wanga

Ndinanyamuka Lachinayi dzuwa litangotuluka, chisanu chikuluma m'zala, mtolo pamutu. Mumtolomo munali mbale yoyera yachitsulo, nthenga ya nkhuku, chinangwa chophika ndi timabotolo tisanu todzaza kachasu. Eee, kachasu, ine mayi woyimba kutchalitchi! Musaseke, mverani kaye.

Kudambo kwathu, kuseri kwa Mualadzi, madimba athu ndi ogundizana. Chaka chino nyemba za anthu zinayamba kuyoyola maluwa, yoyoyo, osabereka. Mlamu wanga aZuze anang'amba duwa limodzi, anapezamo tizilombo ting'onoting'ono ngati nsonga ya singano. Anasuzumira m'masamba a anyezi wanga, anapezanso tina. Basi, mlandu watha! Pajatu mbande za anyeziyo anandibweretsera mwana wanga wokwatiwa ku Zambia, anadutsa nazo pachipata cha malire pa Cassacatiza. Ndiye aZuze, ndi mawu awo aja ngati ng'ombe yagwera m'chitsime: "Alamu, mwatitengera matenda akunja. Loweruka tizula anyezi yense, titenthe."

Ine n'kuti, "Alamu, tanuto n'takuda, tangati n'tachikasu."

Iwo, "Kachilombo n'kachilombo basi."

Ife amene tinathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo tinazolowera. Chifuwa chikalowa m'mudzi, ndife. Mbuzi ikafa, ndife. Koma anyezi wanga ayi. Ndinati ndipita ndekha ku Chifunde, kwa a zaulimi, akandiuze pamaso.

Katengedwe kake n'kotere. Umagwira duwa, n'kulimenya pa mbale yoyera, phaphapha, tizilombo n'kugwa. Umanyowetsa nthenga, n'kutola, n'kuviika m'kabotolo. Ndinayesa kabokosi ka machesi, tinathawa tonse. Ndinayesa madzi, tinawola. M'kachasu timangoti zii, mtundu wake osasintha. Kulemba sindidziwa, ndiye kabotolo kalikonse ndinakamanga kansalu pakhosi. Mfundo imodzi, nyemba za aZuze. Mfundo ziwiri, anyezi wanga. Titatu totsalato ndinati ndidzaza m'njira, kumene anyezi wanga sanapondeko.

Wanjinga anandinyamula mpaka kumsewu wa tara pa metikali makumi asanu. Tili pakati ndinaona dimba la nyemba m'mbali mwa kamtsinje. "Imani! Imani, bambo!" Munthu anagwira mabuleki ndi mapazi, ankaganiza kuti ndaona njoka. Mwini dimba, mayi wa mwana kumbuyo, anandipeza ndikumenya maluwa ake.

"Agogo, nyemba zangazi zalakwa chiyani?"

"Pepani amayi, muli ndi anyezi kuno?"

"Ayi."

"Wachibale ku Zambia?"

"Ngakhale mmodzi."

Tinayang'ana pa mbale tonse awiri. Takuda, tikuyendayenda ngati tili pakhomo pa amake! Ndinavina pomwepo, wanjinga akuyang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Mfundo zitatu.

Dzuwa litakwera ndinalowa shapa, minibasi ya kwathu kuno, yochokera ku Cassacatiza, metikali mazana awiri. Munali matumba a chimanga, nkhuku pansi pa mpando, ndi bambo wina wa jekete amene ndinakhala naye mogundana mawondo. Kabotolo kamodzi kanadontha pang'ono. Bamboyo ananunkhiza kumanja, ananunkhiza kumanzere, kenako ndi kamawu kakang'ono ka ulemu: "Amayi, m'mamawa uno?"

Ine, "Si ine ndamwa, bambo, amwa ndi alendo anga." Ndinatulutsa kabotolo. Kanayenda shapa yonse, dzanja ndi dzanja, aliyense akutsinzina diso limodzi. Mayi wina kumbuyo anati kwawo n'tomwe timadetsa tomato. Wina anati ayi, ta tomato n'tina. Anakangana mpaka woyendetsa anazimitsa wailesi kuti amve.

Tinaima pamalo pena kukweza matumba. Pafupi panali nandolo ali maluwa okhaokha. Ndinatsika ndi mbale yanga. Woyendetsa pipiii, pipiii! "Agogo, tikusiyani!" Ine, "Ndisiyeni muone ngati mufika!" Bambo wa jekete uja anatsika n'kundigwirira nthambi. Takudanso, todzaza mbale. Mfundo zinayi.

Masana ndinatsika pa mphambano, ndinadya chinangwa changa ndi nthochi ziwiri, n'kukwera mota, njinga yamoto ija. Msewu wafumbi umenewo, abale! Ndinagwira mtolo ndi dzanja limodzi, lina malaya a mwini mota, ndikufuula mayina a makolo anga onse. Tinafika pa Chifunde ndili mbuu ngati ndagona m'nkhokwe. Pabwalo la ofesi panali mango akuchita maluwa. Ndinati kabotolo komaliza kasabwerere opanda kanthu. Phaphapha. Tinagwa tina, totuwa, tochepa kuposa tonse. Mfundo zisanu.

Mlonda anati, "Mukufuna ndani?" Ndinati, "Amene amadziwa tizilombo." Anandilowetsa kwa a tekinika, mlangizi wa zaulimi, mayi wamng'ono msinkhu wa mdzukulu wanga, wa magalasi. Ndinayala timabotolo patebulo, ndinafotokoza mfundo iliyonse, ndinawayankhulira aZuze ndi mawu awo enieni mpaka a m'chipinda china anabwera kudzaona ng'ombe.

A tekinika anatsegula kamodzi, ananunkhiza, anavula magalasi. "Agogo, anakuphunzitsani ndani kusunga mu mowa?"

"Palibe. Madzi anandikana."

"Ife tinakhala zaka kusukulu kuti atiuze zomwezi. Ndipo mwasiyanitsa malo ndi mbewu! Anthu amandibweretsera tsamba lofota m'thumba la shati."

Anathira pa kambale, anandipatsa lupa, kagalasi kokuza zinthu. Mayo ine! Kanthu kaja kali ndi mutu, kali ndi nyanga, mapiko ake ali ndi ubweya m'mbali ngati nthenga. Anati dzina lake pa Chipwitikizi ndi tiripesi, ndipo mitundu yake padziko ndi zikwi zingapo. Mafuko aakulu ndi awiri. Lina kumchira kuli ngati kabango. Lina taakazi take tili ndi kasowo kochekera tsamba poikira mazira, ndipo tanga tonse tinali ta fuko limeneli. Tina timadya maluwa, tina masamba, tina nkhungu ya pa mitengo yowola, tina timadya tizilombo tinzake, ndiye n'tothandiza mlimi.

Ine, "Ndiye kuti muli aBanda ndi aPhiri?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Eya, agogo. Tachikasuti n'ta anyezi, tili kulikonse kumene anthu amalima anyezi, ku Zambia, kuno, mpaka kwa azungu. Takudati n'ta maluwa a nyemba, khobwe ndi nandolo, n'ta kuno ku Africa kuyambira kale. Tomwe tikugwetsa maluwa n'timeneti. Kuzula anyezi sikuchiritsa nyemba."

"Bwerezani, amve ndi a pakhondewo!"

Anabwereza. Analemba pepala la mmene tingatetezere nyemba zikamachita maluwa, anadinda karimbo, chidindo cha ofesi, anandibwereka lupa. Ka mfundo zisanu anapempha kuti katsale, akakaonetse ku Tete kwa odziwa zambiri, chifukwa dzina lake lenileni iye sankalidziwa ndipo sanafune kunama. Anamata kapepala pa kabotoloko n'kundifunsa dzina. Lili pamenepo, Nambewe wa ku Mualadzi. Ndinaliona ndi maso angawa, ngakhale sindinaliwerenge.

Ndinagona kwa mwana wa mchemwali wanga, Lachisanu n'kubwerera njira yomweyo. Loweruka m'mawa ndinapeza anthu kudimba, aZuze khasu paphewa. Ndinayala timabotolo tinayi pamzere. A sekeretariyo a m'mudzi anawerenga pepala mokweza. Ine n'kuti, "Alamu, pepala lisakuvuteni, nali diso," n'kuwapatsa lupa. Anaika khasu pansi, anagwada, anayang'ana ka mfundo imodzi, ka ziwiri, ka zitatu, ka zinayi. Anabwereranso ka ziwiri.

"Ta kumsewu wa tara n'tofanana ndi tanga," anatero, mawu atachepa ngati a mwanapiye.

"Nanga tanga?"

"Tanu n'tina."

"Kwezani mawu, alamu, ndakalamba makutu!"

"Tanu n'tina, alamu!"

Nthungululu ndinaimba ndekha, kenako amayi onse anandilandira. Ulendo umenewu wandiphunzitsa kuti ukaona chinthu pakhomo pako pokha umati mlendo wabwera nacho. Takuda tija ndi eni nthaka. Ife tikuthawa nkhondo, ito tinatsala pompano tikudya maluwa. Anyezi wanga ali chiimire, mitu ngati nkhonya, ndipo amene akufuna mbande chaka chamawa abwere ndi ulemu.