Mipopi Iwiri ya ku Kanyama

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anabereka mng'ono wanga, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Kanyama, mu Lusaka, kumene nyengo yotentha madzi ankabwera m'mawa mokha, n'kutha dzuwa lisanakwere. Tsikulo m'nyumba munalibe ngakhale dontho. Matewera anali ataunjikana m'beseni, ntchentche zikuwazungulira, ndipo amayi anali asanapeze mphamvu. Ndinanyamula chigubu ndine.

Kotungirako kunali mipopi iwiri, ndipo pamzere pankaima zigubu, eniake atakhala pamthunzi. Mzere wina unali waufupi, wina wautali kuwirikiza kawiri. Ine, podziona wochenjera, ndinaika changa pa waufupiwo.

Ba Esinati, mayi amene ankachapira anthu zovala, anandiyang'ana ndi maso ofiira ndi tulo.

"Iwe mwana, uganiza ise tonse ndise opusa? Osawerenga vigubu chabe. Yang'ana manzi mwamene yachokera."

Anandiuza kuti ndiziimba chamumtima nyimbo iliyonse ya kutchalitchi, maso ali pampopi. Pa wanga, chigubu chimodzi chinadzaza nditaimba nyimboyo katatu. Pa wawo, wa mzere wautali uja, kamodzi kokha. Apo m'pamene ndinaona kuti mzere wautaliwo ndiwo unali wachidule, ndipo kuti ine madzi andithera ndisanafike. Kusamuka kunali kukayambira kumapeto. Ndinakumbukira beseni lija, misozi n'kuyamba yokha.

Ba Esinati anausa moyo, nachotsa chigubu chawo, n'kuikapo changa. Azimayi ena atayamba kung'ung'udza, anawayankha osawayang'ana n'komwe.

"Malo ni yanga. Ine nayenda kumbuyo."

Changa chinadzaza. Ndisanasenze n'komwe, mpopi unatsokomola, n'kulavula mpweya, basi zii. Ndili m'njira anandipitirira ba Esinati, chigubu chopanda kanthu chikugunda mwendo wawo. Tsiku limenelo sanachapire munthu.

Lero ndakalamba ndi mizere ya mu Lusaka, kuchipatala ndi kokwerera minibasi, ndipo ndatopa nayo. Sindiyang'ana kutalika kwake, ndimayang'ana mmene ukuyendera. Koma chimene ndinachedwa kumvetsa n'china. Mayi uja nthawi ya madzi ankaidziwa kuposa tonsefe. Pobwerera kumbuyo, ankadziwa bwino lomwe kuti satunga.