Nyenyezi Yachikasu ya Abiti Saidi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene chofunda cha kwawo kwa amayi chinafika kunyumba kwathu ku Al Markhiya, mumzinda wa Doha. Amayi ndi Myuda wa ku Joni, ndipo ankagwira ntchito ya unamwino. Bambo ndi a ku Machinga, ankayang'anira antchito pa hotela ina. Chofundacho chinali cha zigamba zokhazokha, cholemera, chonunkha sutikesi yakale. Mwambo wa banjalo unali wakuti mtsikana akafika msinkhu wosenza yekha malamulo a Mulungu, asokepo chigamba chake, chodula pa chovala cha mayi wina wa m'banjamo.

Amayi aakulu, a Miriam, anatumiza chofundacho pamodzi ndi diresi labuluu la agogo a ku Joni kuti ndidulepo chigamba changa. Koma ine mtima unali pa chitenje chachikasu chimene bambo ankasunga, cha mayi awo, Abiti Saidi, amene anandiberekapo kumbuyo ndili khanda, n'kumwalira ndisanawadziwe bwino.

A Miriam atamva pa foni anakana kwamtuwagalu. Anati chofundacho n'cha amayi achiyuda, pomwe Abiti Saidi anali Msilamu. Ndinalira. Amayi sanandikakamize, komanso sanandiikire kumbuyo. Anangondifunsa lamulo limene ndinkaloweza pokonzekera mwambo wanga wolandira malamulo a Mulungu, ine n'kuyankha kuti ndi lija la kulemekeza atate ako ndi amako.

"Nanga atate ako uwalemekeza bwanji?" anatero, akundipatsa singano.

Nditakapempha chitenjecho, bambo anachigwira nthawi yaitali.

"Ukadula ndiye wadula, mwanangu, palibe spare," anatero. "Yalla, fulumira, tenga sizasi ndisanasinthe maganizo."

Ndinadula nyenyezi ya Davide, ya nsonga zisanu ndi imodzi, n'kuisoka masabata atatu, kunja kukutentha ngati ng'anjo. Kawiri konse amayi anandimasulitsa ulusi chifukwa nsonga zinkapotoka. Zala zinatupa. Lachisanu dzuwa likamalowa, singano inkabwerera m'kabokosi kuti tiyatse makandulo a Sabata, ngakhale patangotsala nsonga imodzi.

A Miriam anafika kuchokera ku Joni kutatsala masiku awiri kuti mwambowo uchitike. Atapuma anavala magalasi, n'kutembenuza chofundacho kuti aone kuseri, kumene wosoka sangabise ulesi. Anayendetsa chala pa msoko wonse.

"Wasoka ndani?" anafunsa.

"Ndasoka ndine."

A Miriam anatembenukira kwa bambo n'kuwapempha kuti atchule dzina la mayi awo pang'onopang'ono. Kenaka a Miriam anatenga singano yanga yomwe ija, n'kulipeta pansi pa nyenyeziyo m'zilembo za Chiheberi, monga analembedwera mayina a amayi ena onse pansi pa zigamba zawo.

Pa tsiku la mwambo anandifunditsa chofundacho pabalaza pathu, ine n'kuwerenga malemba osaphonya liwu. Anzawo a bambo, madalaivala ndi alonda a ku Al Asmakh, dera lina la Doha, anaomba m'manja, ndipo mayi wina wa ku Mangochi anaimba nthungululu mpaka a Miriam anaseka.

Lero ndikumvetsa kuti ndikanalimbana nawo ndi pakamwa, ndikanagonja. Chimene ukuchikhulupirira umachigwirira ntchito mosamala, mpaka wotsutsa akachitembenuza kuseri asowe pogwira. Ndiye amakhala pansi n'kukuthandiza kumaliza.